Kuphunzitsa za Asilikali a M'magazi: Khanda ndi Mabakiteriya

Mphunzitsi wa Sayansi m'makalasi aakulu a pulaimale akafika pa mutu wa magazi, kaŵirikaŵiri amangolemba pabolodi kuti maselo oyera amateteza thupi, ana nakopera m'makope mwawo. Chiganizochi n'choona, koma mwana sachigwiritsa ntchito kwawo. Chikhalirecho ambiri mwa ophunzira athu kuno ku Phalombe ndiwo amabereka makanda kumbuyo ndi kutumidwa kukaitana akuluakulu khanda likadwala.

Yambani ndi chimene ana akuchidziŵa. Afunseni chimene chimachitika minga ikathyokera m'phazi. Adzatchula kutupa, kutentha ndi mafinya. Pamenepo afotokozereni kuti mabakiteriya akaloŵa, maselo aakulu okhala m'minofu, otchedwa makirofeji, amameza ena mwa iwo ndi kutulutsa timadzi toitana anzawo. Oyamba kufika ndi manyutirofili, amene amabooleza m'makoma a mitsempha, nameza mabakiteriya, nafera pomwepo. Mafinya aja, mbali yaikulu, ndi mitembo yawo. Élie Metchnikoff anaona kachitidwe kameneka mu 1882 atabaya kanyama kam'nyanja ndi minga, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1908. Ana amakonda kumva kuti katswiriyo anayambanso ndi minga.

Tsono funso lenileni la phunziro nali: ngati khanda lili ndi maselo omwewo, n'chifukwa chiyani limagonja msanga? Manyutirofili ake amayenda mochedwa, ndipo nkhokwe yawo m'mafuta a m'mafupa ndi yaing'ono, kotero kuti matenda akakula imatha msanga. Chachiŵiri, mabakiteriya ena ali ndi chikuto choterera. Otchedwa Group B Streptococcus, amene amapezeka mwa mayi woyembekezera mmodzi pa asanu aliwonse popanda kumudwalitsa, amavala chikuto chofanana ndi kunja kwa maselo athu, ndipo manyutirofili amavutika kuwagwira. Amafunika ma antibodi, timapuloteni timene timamatirira pa chikutocho ndi kupatsa selo pogwira. Khanda silinayambe kupanga okwanira; limabwereka kwa amake kudzera mu nsengwa, imene ena amati nsapo, makamaka m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. N'chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala pangozi yaikulu.

Izi mungazionetse pabwalo. Pakani sopo wonyowa pa mpira waung'ono, ophunzira aŵiri ayese kuutola ndi dzanja limodzi. Kenaka uzengeni ndi luzi, ayesenso. Mpira ndi bakiteriya, dzanja ndi nyutirofili, luzi ndi ma antibodi a mayi. Musafulumire kuwauza tanthauzo, alitchule okha.

Matendaŵa si akutali. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti pafupifupi ana 2 pa 1,000 obadwa amoyo anadwala mabakiteriya ameneŵa, ndipo mmodzi pa atatu mwa odwalawo anamwalira. Chitsanzo cholimbikitsa ndi kafumbata: katemera wa amayi oyembekezera amachulukitsa ma antibodi opita kwa mwana, ndipo mu 2002 Malaŵi anavomerezedwa kuti wachepetsa kafumbata wa makanda kufika pa mlingo wosakhalanso vuto la dziko.

Pa nkhani ya mchombo pafunika ulemu. Mwambo wosunga khanda m'chikuta mpaka mchombo utagwa uli ndi nzeru yake, popeza umachepetsa manja ogwira mwana. Chovuta ndi kupaka phulusa, dothi kapena zitsamba pa bala limene lili khomo loloŵera m'magazi. Mphunzitsi wonyoza agogo m'kalasi amatseka makutu a mudzi wonse. Ndi bwino kufunsa ana kuti, malinga ndi zimene aphunzira, n'chiyani chingaloŵe pakhomo limenelo. Momwemonso ndi mkaka woyamba wachikasu umene ena amaufinyira pansi: uli ndi ma antibodi ophimba matumbo a mwana.

Pomaliza ana alembe zizindikiro izi: kukana kuyamwa, kutentha kapena kuzizira thupi, kupuma mofulumira, kukomoka, kufooka, ndi mchombo wofiira kapena wa mafinya. Tsindikani kuti khanda lodwala kwambiri silitentha thupi nthaŵi zonse. Monga ntchito yakunyumba, aliyense apeze chipatala chimene chili pafupi ndi kwawo, kaya ndi Holy Family, Migowi, Chitekesa kapena Nambazo, ndi nthaŵi imene munthu angatenge kukafikako pa njinga usiku m'nyengo yadzinja.