Timizere Takuda pa Kabuku ka Kuchipatala

Anthu ambiri aonapo kapepala ka timizere takuda, tina tonenepa tina toonda, katamatidwa pa kabuku kawo ka kuchipatala. Timizere timeneti timatchedwa barcode, ndipo ndi nambala ya wodwala yolembedwa m'njira yoti makina aiwerenge. Bungwe la Baobab Health linayamba ntchito yotere m'chaka cha 2001 pa chipatala chachikulu cha mu Lilongwe.

Nambalayi imawerengedwa ndi kamakina kogwira m'manja kamene kamawalitsa kuunika kofiira pa timizereto. Kuunikaku sikuyeza magazi kapena kulowa m'thupi, koma sikuyenera kulozedwa m'maso, makamaka a ana. Timakina tina n'topanda nthambo. Timatumiza nambala ku foni kapena ku tabuleti mwa njira ya Bluetooth, imene kawirikawiri imafika mamita 10 okha. Timeneti ndito toyenera ku sikelo ya kumudzi, kumene mlangizi wa zaumoyo amagwira ntchito pansi pa mtengo, kutali ndi magetsi.

Posankha kamakina, mtengo wotsika usanyenge ogula. Batire lake liyenera kukhala tsiku lathunthu, pakuti likatha masana amayi otsala pamzere adzalembedwa pamanja, ndipo manambala olemba mothamanga salephera kulakwika. Kakhale kopirira fumbi ndiponso kosasweka msanga kakagwa m'chikwama cha panjinga. Kakhalenso kotha kusunga manambala pamene foni yatalikira. Ta mtundu wa laser timawerenga timizere tokha. Tokhala ndi kamera timawerenganso chizindikiro cha timabokosi chotchedwa QR, chonga chimene chili pa ziphaso za unzika zimene kalembera wake anachitika mu 2017. Chipatala chogula lero chingachite bwino kusankha ta kamera.

Komabe kamakina kabwino sikathandiza ngati kapepala kaonongeka. Mafuta ophikira, mvula ndi thukuta zimafafaniza timizere, ndipo kupinda kabuku podutsa pa kapepalako kumadula nambala. Nchifukwa chake kabuku kayenera kusungidwa m'pepala la pulasitiki, kosapinda. Kapepala kakang'ambika, wodwala auze kalaliki kuti analembetsa kale, kuti amusindikizire kena ka nambala yomweyo. Munthu wa manambala awiri mbiri ya matenda ake imagawika, ndipo dokotala amaona theka lokha.

Choopsa koposa ndicho kubwerekana timabuku. Kamakina sikadziwa nkhope ya munthu, kamangokhulupirira timizere. Mayi akatenga kabuku ka mwana wamkulu popita ndi wamng'ono, katemera adzalembedwa pa dzina la wamkuluyo, ndipo wina mwa awiriwo angaphonye katemera wake. Kwa akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV, kusokonezeka kotere kungadzetse mankhwala olakwika. Tsono kamakina kakalira, wachipatala afunse dzina ndi mudzi, ndipo wodwala asanyinyirike kuyankha ngakhale akhale wodziwika kale pamalopo.