ZA UMOYO: KUYANG'ANIRA KAPUMIDWE KA WACINYAMATA ATACITIDWA OPALESHONI

Odwala a ku Kasenengwa ofunika opaleshoni yaikulu amatumizidwa ku Chipata Central Hospital. Makolo amada nkhawa ndi bala, koma namwino amayang'anitsitsanso cifuwa, cifukwa mnyamata kapena mtsikana wamphamvu angathe kudwala cibayo m'masiku oyamba atang'ambidwa pamimba.

Mankhwala ogonetsa amafooketsa kapumidwe. Wodwala akatsitsimuka amaopa kupuma mokoka ndi kutsokomola popeza bala limawawa. Motero makhololo amaunjikana m'mapapo, timatumba ta mpweya timafota, ndipo tizilombo timapeza poswanirana.

Coyamba, namwino amawerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu. Wacinyamata wopumula bwino amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Akapitirira 24, pali vuto. Caciwiri, amaona ngati mbali zonse ziwiri za cifuwa zikukwera mofanana, ngati mphuno zikutukumuka, ndiponso ngati lilime ndi mkati mwa milomo zacita bii. Cacitatu, amapima kutentha kwa thupi. Kukafika madigiri 38, amafufuza cifukwa cake. Amaikanso kacipangizo pa cala koyeza okosijeni m'magazi. Akatsika pansi pa 90 peresenti, wodwala amapatsidwa okosijeni ndipo dokotala amaitanidwa msanga. Pomaliza amamvetsera m'cifuwa ndi kuona mtundu wa makhololo. Acikasu, obiriwira kapena a magazi ayenera kupimidwa.

Namwino amafunsanso za mphumu, cifuwa ca TB ndi fodya. Funso la fodya amafunsa makolo atatuluka, cifukwa acinyamata ambiri saulula pamaso pa akulu.

Osamalira wodwala ali ndi mbali yao. Amukhazike tsonga, amukumbutse kukoka mpweya kwambiri maulendo 10 pa ola lililonse ali maso, ndipo potsokomola agwirize bala ndi pilo kapena citenje copinda. Mankhwala oletsa ululu amwe pa nthawi yake, pakuti ndiwo amampatsa mtima wotsokomola. Ayambe kuyenda namwino akangolola. Asampatse phala kapena madzi mobisa asanaloledwe, popeza wosatsitsimuka bwino angatsamwe, cakudya n'kulowa m'mapapo.

Akabwerera kumudzi n'kuyamba befu, kutentha thupi, kulasa m'nthiti kapena kutupa mwendo umodzi, apite naye ku kiliniki yapafupi tsiku lomwelo, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi.