Kodi osewera mpira m'mayunivesite a ku America azilipidwa?

Funso: Ndamva kuti ku America ophunzira amene amasewera mpira m'matimu a mayunivesite ayamba kulandira ndalama. Kodi sukulu yaulere imene amapatsidwa siyokwanira?

Yankho: Ayi ndithu, siyokwanira. Mpira wa ku America uja, wogundana zifuwa, ndi bizinesi yaikulu. M'bwalo la yunivesite ya Michigan mumalowa anthu opitirira 107,000, ndipo mu 2022 gulu la mayunivesite lotchedwa Big Ten linagulitsa ufulu woonetsa masewera ake pa wailesi yakanema pamtengo wa madola pafupifupi 7 biliyoni kwa zaka 7. Makochi ankadya mamiliyoni, pomwe anyamata othyoka mawondo ndi kuvulala m'mutu ankauzidwa kuti ndi ana asukulu chabe. Kumeneko kunali kuwadyera masuku pamutu.

Mu 2021 bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'mayunivesite, linalola osewera kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi zithunzi zawo. Mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wotchedwa House, umene osewera anasumira NCAA, moti m'chaka choyamba yunivesite inaloledwa kugawira osewera ake mpaka madola 20.5 miliyoni.

Musaiwale kuti mwa osewera 100 aliwonse, ofika mu ligi yaikulu ya akatswiri ya NFL sakwana awiri. Alipidwe basi, ndipo wovulala asasiyidwe yekha ndi ngongole za kuchipatala akamaliza sukulu.