Mawu a pa guwa adawatsekera njira ya ku chipatala

Mu Januwale 2021 kolona adaleka kukhala nkhani yongomva pa wailesi. Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Zipatala zidadzaza, mpweya wothandiza odwala kupuma udasowa, mpaka bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe lidasanduka malo ogonekapo odwala. Boma lidalamula kuti m'nyumba zopemphereramo musamasonkhane anthu opitirira 50. M'masiku amenewo ndi pamene banja lina la ku Blantyre, limene sindilitchula dzina, lidalowa m'chigwa chimene mpaka lero silidatulukemo lonse. Ndikusimba nkhani yake chifukwa mliri wina udzabweranso, ndipo udzatipeza tili anthu opemphera monga tilili.

Bambo wa pakhomopo adali telala wa zaka za m'ma 50, komanso mkulu wa mpingo pa katchalitchi kena ka malata. Adali munthu wabwino, ndipo pamenepa pasakhale chikayiko. Pa maliro ankayamba ndi iwo kufika. Amayi a mumpingo ankawasokera yunifolomu pa ngongole, ina osailondola n'komwe. Ankadwala shuga, koma mankhwala ankamwa mokhulupirika, osaona kuti mapiritsiwo akulimbana ndi pemphero.

Chimene chidawasokeretsa ndi chaka cha 2020. Matendawa adapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma lidalengeza, khoti lidauletsa usanayambe. Kenako anthu adakhamukira ku misonkhano yokopa anthu ya chisankho cha pa 23 Juni, mapewa ali gundegunde, ndipo mitembo imene ena ankalosera kuti idzangoti mbwee m'misewu sidaoneke. Bamboyo adatsimikiza mumtima kuti Mulungu watchinjiriza Malawi mwapadera. Atelala anzawo ankasoka masiki a chitenje n'kumapezapo ya ndiwo, koma iwo adakana kusoka ngakhale imodzi. Lamulungu lina ataimirira kutsogolo adati, "Abale, munthu wovala kansalu kukamwa m'nyumba ya Ambuye akutiuza kuti Mulungu wake ndi wamng'ono kuposa kachilombo." Mpingo udayankha ameni, ndipo ena amene adavala masiki adawavula mwakachetechete n'kuwapisa m'thumba.

Mwana wa mlongo wawo, yemwe ndi namwino, adawalankhula pambali. "Amalume, inu muli ndi shuga. Matendawa akakugwirani sadzakunyengererani. Pempherani ndithu, koma masiki valani." Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwo adangoseka, nati ana a sukulu mwaphunzira mantha.

Pamene funde lachiwiri lidafika, adayamba ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Kudabwera kachifuwa kouma. Tsiku lina adadandaula kuti ndiwo mulibe mchere, chonsecho mchere udalimo. Mkazi wawo adadziwiratu.

"Abambo, tiyeni ku chipatala akakuyezeni."

"Amayi, ndikaonekera bwanji? Anthu onse adamva zimene ndidanena. Akadzamva kuti ndagonekedwa ku matenti a kolona adzati chiyani?"

Yankho limeneli limandiwawa mtima. Pofika apa sichidalinso chikhulupiriro chimene chidawagwira mwendo, adali manyazi. Iwo eni adali atatcha kudziteteza kuti ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, tsono kupita ku chipatala kukadakhala kudziweruza pamaso pa anthu amene ankawaona ngati mzati wa mpingo. Mtsogoleri akamalankhula pa guwa amaganiza kuti akumanga ena, osadziwa kuti chingwecho chikuzungulira miyendo yake yomwe. Ndipo sadali okha: aliyense amene adavula masiki Lamulungu lija adapita kwawo ataphunzira kuti akadwala ayenera kubisa.

Adayamba zofukiza. Masamba a bulugama m'madzi owira, bulangete kumutu, kenako ndimu, jinja ndi adyo m'kapu. Thukuta likatuluka ankati ndapezako bwino. Madzulo kunkabwera gulu la mapemphero, kudzadza kachipinda kogona, mazenera otseka poopa udzudzu, kuimba mokweza ndi kusanjika manja. Ankachita mwa chikondi, koma kachilombo aka kamayenda mu mpweya umene tikupuma, ndipo m'chipinda chotseka momwe anthu akuimba ndi momwe kamafala msanga. Ena mwa opempherawo adadwala sabata yotsatira. China chimene sankadziwa n'chakuti matendawa amakonda kuvuta m'sabata yachiwiri, ndipo mpweya m'magazi umatha kutsika kwambiri munthu akuonekabe ngati akupirira. Pamene bamboyo adayamba kulephera kumaliza mawu osaima kuti apume, mpata udali utatha.

Adawanyamula usiku pa galimoto ya hayala. Mkazi wawo adamuimitsa pa chipata, ndipo sadawaonenso, amoyo kapena akufa. Thupi lidabwera litakulungidwa, bokosi losatsegula, onyamula atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, wina akupopera mankhwala. Padalibe kusambitsa, padalibe kugona m'siwa, padalibe kwaya yochezera, padalibe amayi ozungulira mikhate ya nsima. Munthu amene adaika maliro a anthu ambirimbiri adaikidwa mwachangu, abale ataima patali.

Anthu ambiri nkhani ngati iyi amaithera pa manda. Koma kolona adapha munthu mmodzi pakhomopo, ndipo wachiwiri tikadamupha ndife.

Kwathu kuno maliro n'kulirana. Mwambo wonse uja, kuchezera, chipepeso, kugona pa mphasa limodzi ndi namfedwa, ndi mankhwala amene makolo adatisiyira kuti chisoni chisamudye munthu ali yekha. Mayiyu adalandidwa zonsezo. Aneba ankamupatsa moni ali kuseri kwa mpanda. Mandasi amene ankagulitsa pa msewu anthu adaleka kugula, amvekere kunyumba kwake kuli kolona. Ena ankanong'ona kuti m'bokosi muja mudalibe munthu, mphekesera zimene m'madera ena zidachititsa kuti anthu athamangitse ogwira ntchito za chipatala obweretsa maliro. Usiku iye ankangobwereza mafunso omwewo. Ndikadawakakamiza tsiku loyamba lija? Kapena ndine ndidalakwa powatengera ku chipatala, poti amwalirira komweko? Kodi kukayika kwanga ndi kumene kudalepheretsa mapemphero?

Tulo tidathawa. Chakudya chinkangowawa mkamwa. Adaleka kusamba, kusesa, ngakhale kupesa tsitsi. Ana akamulankhula ankangoyang'ana khoma.

Ndiye kudabwera mlaliki wina wachinyamata wa mumpingo momwemo. Atamuyang'ana adati, "Amayi, pakhomo pano pali mzimu wa imfa, ndipo mwautsegulira ndinu ndi mtima wokayika. Musale kudya masiku 7, ndipo mapiritsi mukumwawo muwasiye, Mulungu sagawana ulemerero ndi mankhwala." Mapiritsiwo adali a kuthamanga kwa magazi. Mlaliki yemweyo ndi amene ankafalitsa mauthenga pa WhatsApp onena kuti katemera ndi chizindikiro cha 666. Katemera woyamba adafika mu Malichi 2021, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, amene adatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zambiri, adabayitsa poyera, koma mantha adali atafika kale m'mafoni. Mu Meyi boma lidawotcha katemera 19,610 amene adatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Ena mwa katemerayo adabwera masiku ake atatsala ochepa, koma mphekesera nazo zidathandiza kuti mizere ya obayitsa ikhale yaifupi.

Mayiyo adamvera. Munthu wosadya kale adauzidwa kuti asale kudya. Munthu wodziimba kale mlandu adauzidwa kuti mlanduwo ndi wakedi.

Amene adamupulumutsa sadali dokotala poyamba, adali gogo wina wa bungwe la amayi mumpingomo. Gogoyu ankabwera m'mawa atavala masiki, atanyamula phala la mgaiwa lotsira nsinjiro m'kambale kovundikira, n'kukhala pa khonde chapatali pang'ono. Sankalalikira. Ankati abwenzi a Yobu adachita bwino sabata yonse imene adakhala naye chete, ndipo adayamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chake akuvutika. Za kusala kudya adayankha ndi nkhani ya Eliya, mneneri wamkulu amene adatopa mpaka kupempha imfa, ndipo mngelo sadamudzudzule koma adamupatsa chakudya ndi madzi n'kumulola kugona. "Mwana wanga, idya kaye. Mulungu sakwiya ndi phala."

Tsiku lina mayiyo adati, "Agogo, ine ndingowatsatira abambo, ana adzaleredwa ndi abale." Gogo sadanene kuti usatero n'tchimo, sadasinthenso nkhani. Adamufunsa mosapsatira ngati akuganiza zodzipha, ndipo mayiyo adagwedeza mutu kuvomera. Ambiri timaopa funso limeneli poganiza kuti timupatsa munthu maganizo oipa, chonsecho kufunsa ndiko kumamumasula kuti alankhule. Gogo sadamusiye yekha usiku umenewo. Adatumiza mwana kukaitana namwino uja, ndipo kutacha onse atatu adapita ku chipatala.

Magazi adapezeka akuthamanga moopsa. Atamubwezera pa mankhwala ake, adamutumiza kwa namwino woona za matenda a maganizo. Mayiyo adanjenjemera, nati, "Ndiye kuti ndapenga? Munditumiza ku Zomba?" Adamufotokozera kuti chisoni cha maliro n'chachibadwa, koma chikafika poti kwa milungu yambiri munthu sakugona, sakudya, sakutha kugwira ntchito, akudziona wopanda pake ndipo akulakalaka kufa, amakhala matenda okhumudwa, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala amene amayamba kugwira ntchito pakapita milungu ingapo. Ambiri odwala chonchi sagonekedwa n'komwe. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zilipo pa matenda aakulu, koma thandizo limayambira pa chipatala cha boma chapafupi. Vuto n'lakuti akatswiri a matendawa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo munthu wovutika maganizo amayamba wafika kwa abusa, kwa shehe kapena kwa amayi a mumpingo asanaganize za chipatala. Apolisi adanena kuti chiwerengero cha odzipha chidakwera m'chaka cha 2020. Ena mwa anthu amenewo adali a m'mipingo ndi m'mizikiti yathu.

Sindikulemba izi kuti tinyoze pemphero. Gogo uja ankapemphera naye tsiku lililonse, ndipo mayiyo amati pempherolo ndi limene lidamugwira dzanja mpaka mankhwala atayamba kugwira. M'dziko muno mpingo ndi chipatala sizidayambe zakhala adani: Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Likuni, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa ndi zipatala zomangidwa ndi anthu opemphera. Pa nthawi ya kolona mipingo ndi mizikiti yambiri idaika ndowa za madzi ndi sopo pa khomo, idagawa mapemphero kangapo pa tsiku, ndipo atsogoleri ake adabayitsa katemera anthu akuona. Chimene ndikudana nacho ndi chizolowezi chopima chikhulupiriro cha munthu ndi mmene akunyozera ngozi, ndi chotcha bala lililonse la mumtima kuti chiwanda. Pamene kolera adabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, chizolowezi chomwechi chidaonekanso: ena ankasunga odwala m'nyumba n'kumawapempherera, matupi akutha madzi.

Mayiyo atayamba kupezako bwino, gogo adapempha kulankhula ndi akulu a mpingo. Adawauza kuti, "Azibambo anga, mnzanu tidamuika chifukwa tidamuombera m'manja pa mawu amene adamutsekera njira. Mkazi wake mukadamuikanso. Lamulungu likubwerali wina aimirire anene kuti kupita ku chipatala si kugwa m'chikhulupiriro." Akuluwo adati nkhaniyo aiona, ndipo Lamulungulo palibe adaimirira. Mlaliki wachinyamata uja adachoka n'kukatsegula utumiki wakewake kwina. Mayiyo adayambanso kukazinga mandasi, amapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi mwezi ndi mwezi, ndipo tsopano amapemphera ku mpingo wina. Mwana wawo woyamba, amene ankatsogolera kwaya ya achinyamata, sadapondenso m'tchalitchi chilichonse, ndipo akamva wina akuti tiyeni tipemphere amatuluka panja.