Zoyenera Kuchita Kuti Malonda a Pakhomo Panu Azipezeka Msanga pa Intaneti

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayenda m'Kasungu, ndipo ogula ena amayamba afufuza pa foni asanakwere kabaza. Wina akusaka jeke yodindira mabelo, wina lole yonyamula fodya ku Chamama, wina mbewu ya soya. Ngati banja lanu lili ndi zoterezi, muyenera kuoneka pamwamba akamafufuza. Kupatula malo a otsatsa olipira, pamwambapo pamafikidwa ndi zinthu ziwiri: zimene mwalemba, ndi momwe anthu akuzilandirira.

1. Lembetsani malonda anu pa Google Maps. Kutsegula Google Business Profile n'kwaulere. Posankha malonda oti ionetse, Google imayang'ana zitatu: ngati zomwe mwalemba zikugwirizana ndi zomwe munthu wafunsa, kuyandikira kwa malo anu, ndi kudziwika kwanu. Ikani nambala ya foni yogwira ntchito ndi nthawi yomwe mumatsegula.

2. Lembani mawu amene wogula angalembe. "Katundu wabwino, mitengo yotsika" sauza aliyense kanthu. Lembani kuti: "Jeke yobwereketsa, pa Santhe, pafupi ndi msewu waukulu." Tchulani katundu, malo, mtengo, komanso ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, poti ofufuza amagwiritsa ntchito zonse ziwiri.

3. Jambulani katundu wanu weniweni, masana, panja powala. Ngati ndi mtedza, tapani wodzaza dzanja, njere zioneke kukula kwake. Chithunzi chotola kwina chimakhumudwitsa wogula akafika, ndipo sabweranso.

4. Yankhani msanga, poyera. Pa Facebook, uthenga umene anthu akuuyankha ndi kuugawana umaonetsedwa kwa anthu ochuluka. Wina akafunsa kuti "thumba zingati?", muuzeni mtengo pomwepo, ena khumi ofuna yankho lomwelo aone. Foni ikhale ndi munthu mmodzi wodalirika pakhomopo, makamaka nthawi yosoka ndi kusankha fodya pamene akuluakulu atanganidwa ku chigafa.

5. Pemphani ndemanga kwa amene agula. Wokhutira muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, mutilembereko mawu awiri pa Google." Wodandaula muyankheni mofatsa ndi kukonza cholakwikacho. Musauze abale kuti alembe zabodza: Google imaletsa ndemanga zotere ndipo imazichotsa.

6. Tsatani nyengo. Zothirira nazale zilengezeni nazale zisanafesedwe, jeke ndi ziguduli msika usanatsegulidwe. Katundu akatha, nenani kuti watha.

Sabata iliyonse, bwerekani foni ya mnansi mufufuze malonda anu monga mlendo. Ngati simukuoneka, funsani ogula atatu mawu amene iwo akanalemba, ndipo mukonze uthenga wanu ndi mawu amenewo.