PHUNZIRO: Kodi Bwalo Limawerengera Bwanji Chithandizo cha Mwana?

Amayi anzathu, pakati pathu pali ambiri amene akulera ana okha chifukwa banja linatha kapena bambo anakana mimba. Funso limene timafunsana kawirikawiri ndi lakuti: tikapita kubwalo la milandu, bambo adzalamulidwa kupereka ndalama zingati? Yankho ndi lakuti lamulo silinaike mtengo umodzi wa mwana aliyense. Bwalo limayeza zosowa za mwanayo pamodzi ndi mapezedwe a makolo onse awiri.

Lamulo likuti chiyani?

Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limanena kuti mwana aliyense ayenera kulandira chithandizo choyenera kuchokera kwa makolo ake, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya ukwati unatha. Kuyambira mu 2017, mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Ndondomeko yopemphera chithandizo ili m'lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010.

Tidziwenso kuti mwambo suchotsa udindowu. Kumene kuli chikamwini, bambo sanganene kuti ana ndi a kuchikazi, awaone malume awo. Kumene kuli malowolo, mayi wopeza bwino sanganenenso kuti ana ndi a kuchimuna basi.

Ndani angadandaule?

Si mayi yekha ayi. Mwana mwini wake, womulera, wachibale, mphunzitsi, wapolisi, wazaumoyo kapena mlangizi wa boma woona za chisamaliro cha anthu angathe kukapempha chithandizochi kubwalo loweruza nkhani za ana. Ngati bambo akukana mwana, bwalo limayamba laona kaye umboni: dzina lolembedwa m'kaundula wa kubadwa, mwambo umene bamboyo anachitira mwana, kuvomera kwake pagulu, kapena kuyeza kwa achipatala.

Zimene bwalo limayang'ana

1. Ndalama ndi chuma cha makolo onse awiri. Apa sipawerengedwa malipiro a pamwezi okha. Geni, zokolola, ziweto ndi nyumba za lendi nazonso ndi chuma.
2. Ngati kholo lili ndi matenda kapena ulumali umene ukulilepheretsa kupeza ndalama.
3. Ana ena amene khololo likuwasamalira.
4. Kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala. Kulera mwana ku Ndirande, kumene ufa, makala ndi madzi n'zogula, n'kosiyana ndi kumudzi kumene kuli nkhokwe.
5. Ufulu wa mwanayo: chakudya, zovala, pogona, mankhwala ndi maphunziro.

N'chifukwa chake amayi awiri a ana amisinkhu yofanana angathe kutuluka m'bwalo limodzi ndi zigamulo zosiyana. Bwalo lingalamule kuti ndalama ziziperekedwa mwezi ndi mwezi kapena pakamodzi, ndiponso kuti zizidulidwa kumalipiro a khololo.

Tikonzekere bwanji?

Woweruza sadziwa kuti ndowa ya chimanga imatha masiku angati pakhomo pathu. Tikangoti "zinthu zavuta," alibe poyambira. Choncho tisanapite, titenge kope n'kulemba zonse zimene mwana amadya ndi kugwiritsa ntchito pamwezi: ufa, ndiwo, sopo, makala, lendi, thiransipoti, yunifomu, makope, fizi ndi mankhwala. Tisunge malisiti, buku lakuchipatala ndi makalata a kusukulu. Tilembenso zimene tikudziwa za ntchito kapena bizinesi ya bamboyo. Za mapezedwe athu tinene zoona, pakuti bodza likaululika limafooketsa mlandu wa mwana.

Chigamulo chikaperekedwa, nkhani sithera pomwepo. Mitengo ikakwera, mwana akasankhidwa kupita kusekondale, kapena kholo likachotsedwa ntchito, tingabwerere kubwalo lomwelo kukapempha kuti ndalamazo zisinthidwe. Ngati kholo lasiya kupereka, tikanene kubwalo msanga ngongole isanachuluke. Amene alibe ndalama zolipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Ndalama zimenezi ndi za mwana. Mayi amene akuzisiya chifukwa cha manyazi kapena mkwiyo akumana mwana wake chimene lamulo linamupatsa.

Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimalepheretsa amayi a m'dera lathu kupita kubwalo?
2. Ndani pagulu lathu angathandize mayi wosadziwa kulemba kukonza kope la zosowa za mwana?
3. Mwana wathu wamwamuna akakana mwana wake, ife ngati agogo tingamulangize zotani?