Mwana wa ku Mzimba ndi zilankhulo zitatu

Malangizo a lero akukhudza ana amene akuyamba kumene sukulu.

Mwana wa ku Embangweni, ku Jenda kapena pa boma la Mzimba amakula akulankhula Chitumbuka. Akalowa Sitandade 1, amapeza mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Ena amangoti duu m'kalasi, makolo n'kumadandaula kuti mwana alibe nzeru. Sichoncho ayi.

Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia amene anamwalira mu 1934, anaphunzitsa kuti nzeru za mwana zimakula pocheza ndi womuposa, amene amamuthandiza pa zomwe sangathe yekha. Choncho agogo akamasimba nthano madzulo, kapena bambo akamamufunsa mayina a ng'ombe za m'khola, maphunziro ayamba kale. Mwana wodziwa bwino Chitumbuka savutika kwambiri kutola zilankhulo zinazo, ndipo n'kulakwa kwakukulu kumuletsa kuchilankhula pakhomo.

Jean Piaget wa ku Switzerland anapeza kuti ana a msinkhu umenewu amamvetsa msanga zinthu zogwirika. Mwana ayambe wawerenga nyemba, zitsononkho ndi timiyala, pensulo ibwere pambuyo.

Makolo azitumizanso ana a zaka 3 mpaka 5 ku mkombaphala, ndipo azipita okha kukafunsa alezi mmene anawo akuchitira.